Chitenje cha pa Zenera

Kapu inandipulumuka m'manja tili pakati pa tiyi wa m'mawa. Sinasweke, poti inali yapulasitiki. Inangogubuduka n'kukaima pa phazi la apongozi anga, tiyi akuyenderera pamkeka. Tonse tinaiyang'ana ngati kuti yodwala ndi iyo.

Tinali pakhonde monga mwa masiku onse. Mwamuna wanga, amene ntchito yake ndi yokonza njinga, anali atayamba kale kugwiragwira matcheni, ndipo ankanyema buledi ndi zala ziwiri zokha zimene anazipukuta. Mng'ono wanga, amene tinkakhala naye, ankauzira tiyi wake. Ine ndinali ndi mwana pamiyendo, akuyamwa. Anali asanayambe n'kukwawa komwe, koma tinkamutchula kuti Abwana chifukwa akangolira, nyumba yonse inkaimirira.

"Mwayamba liti kunjenjemera chonchi?" anafunsa apongozi.

"Ndi tulo chabe, amayi. Abwanawa sanandigonetse."

"Tulo tanji totulutsa thukuta m'mawa wozizira ngati uno?"

Mwamuna wanga anaika kuseri kwa dzanja lake pamphumi panga. Analisiya pamenepo nthawi yaitali. Atalichotsa sanayang'ane ine, anayang'ana mng'ono wanga.

"Alamu, tatengani mwanayo."

"Musiyeni amalize," ndinatero.

"Tatengani mwanayo, alamu."

Anamuchotsa pabere asanakhute, mkaka ukutsikira kuchibwano. Anayamba wadabwa kaye, kenako analira kulira kwa munthu wolandidwa.

Nthenda ija inali itazungulira kale dera lathu lonse. Galimoto ya chimkuzamawu inkadutsa m'misewu, anthu analeka kupatsana moni wa m'manja, ndipo nyumba ina kumunsi kwathu inali yotseka, nkhuku zikungoyendayenda pabwalo popanda wozitsekera. Dzina la nthendayo sitinkalitchula. Tinkangoti ijayi.

Mwamuna wanga anandikweza pakaliyala ya njinga yake. Poona kuti ndikupendekeka, anatenga chitenje choberekera mwana n'kundimangirira kumsana kwake, ngati kuti khanda ndine. Chinali chachikasu, cha mizere yakuda yozungulira. Anandigulira yekha ndili woyembekezera, ati mizereyo ikufanana ndi matayala a njinga, ndiye mwana adziwe msanga ntchito ya bambo wake.

Odwala ijayi sankawalowetsa m'chipatala chenicheni. Kuseri kwake kunali chinyumba chachitali chimene kale ankasungiramo katundu. Anachizinga ndi mpanda wa waya, ndipo mkati mwa mpandawo anadutsitsanso chingwe chofiira. Pakati pa waya ndi chingwecho panali bwalo lopanda kanthu, lalikulu moti munthu ukaima mbali ino, wa mbali inayo umamuzindikira ndi kaimidwe kaye, nkhope n'kumaoneka movutikira.

Pageti anatiimitsa.

"Wodwala yekha," anatero mlonda. "Wodwazika salowa."

"Ndiye amumwetsa madzi ndani? Amutembenuza ndani?"

"Alipo ogwira ntchito mkatimo."

"Alipo angati?"

Mlondayo anayang'ana kumbali. Mwamuna wanga anamasula mfundo ija pachifuwa pake pang'onopang'ono, n'kundifunditsa chitenjecho m'mapewa. Kunabwera anthu awiri ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kujombo, ndipo anandigwira uku ndi uku. Nditacheuka, ndinamuona ataima ndi njinga yake, kumbuyo kwa malaya ake kuli konyowa ndi thukuta langa, munthu wina akumupopera mankhwala.

Za masiku oyamba ndilibe chonena. Ndimakumbukira denga la malata, fungo la kolorini lolowa mpaka m'mano, ndi ndowa ziwiri pansi pa bedi. Ndimakumbukiranso manja a magolovesi akundikweza mutu. Ogwira ntchito anali opanda nkhope. Tinkawadziwa ndi zimene zinkaoneka: wina Ajombo Zazikulu, wina Otsimphina. Namwino amene ankabwera kawirikawiri kumbali kwathu tinkamutcha Amagalasi, chifukwa magalasi ake ankachita nthunzi ndipo ankatiyang'ana chopendeketsa mutu ngati nkhuku.

Tsiku limene mutu wanga unabwerera m'malo mwake, ndinamva mawu kuchokera pa bedi loyandikana nalo.

"Mwadzuka, amake mwana? Takulandirani kuno ku hotela."

Anali mayi wonenepa, wa mawu aakulu ngakhale anali pa diripi. Ankagulitsa tomato pamsika, ndiye chipinda chonse chinkamutchula kuti Amatomato.

"Mwadziwa bwanji kuti ndili ndi mwana?"

"Malaya anuwo akulengeza."

Ndinadziyang'ana. Pachifuwa panali ponyowa, mawere atatupa, olimba ngati miyala. Amagalasi atabwera anandipatsa kapu.

"Muzifinya, amayi, m'mawa, masana ndi madzulo. Mukapanda kutero muvutika ndi ululu, komanso mkaka uuma. Mukachira tikakuyezani, mwina mwana adzabwereranso pabere."

"Ndiye mukamupatsira ameneyu?"

"Ayi. Cholowa muno sichituluka, kupatula munthu akachira."

Ndinafinya kapu mpaka kudzaza. Anailandira ndi manja awiri, mwaulemu ndithu, n'kuikhuthulira m'ndowa, n'kuthiramo kolorini. Ndinatembenukira kukhoma.

Amatomato ndi amene anandiphunzitsa za mazenera. Ogwira ntchito anali ochepa, analibe nthawi yopita kumpanda kukauza aliyense za m'bale wake. Mazenera nawo anali m'mwamba, aang'ono, a zitsulo, ndipo nkhope siinkaoneka kuchokera kutali kuja. Choncho odwala anapeza njira yawo. Aliyense ankapachika pa zitsulozo chinthu chimene abale ake akuchidziwa. Panali malaya a mizeremizere, mpango wobiriwira, chipewa, ngakhale nsapato imodzi ya mwana wasukulu.

"Chikakhala pazenera ndiye kuti mukupuma," anatero Amatomato. "Ine ndapachika siketi yamkati. Amuna anga aja sadziwa chovala changa china chilichonse."

Ndinakwera pabedi n'kumangirira chitenje changa chachikasu.

Masana ake ndinamva belu la njinga. Ndimalidziwa belu limenelo, limalira kawiri kenako n'kukakamira. Ndinagwira zitsulo n'kusuzumira. Mwamuna wanga anali ataima pa waya, mng'ono wanga ali pambali pake. Ataona chikasu chija anatenga mwana n'kumukweza pamwamba pa mutu wake ndi manja awiri. Timiyendo tinkapalasa m'mwamba. Ndinatulutsa dzanja n'kugwedeza chitenjecho mpaka mphamvu zinandithera.

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Akatseka ntchito masana, belu. Ankasiya chakudya pageti m'mabakuli amene sankabwereranso, kenako n'kukweza mwana. Ndinkadya chifukwa cha belu limenelo, ndinkafinya chifukwa cha belu limenelo. Chinthu chimodzi chokha sitinkachimvetsa. Dzuwa likapendeka, fungo la utsi likayamba kulowa, anthu a pampanda ankachoka pamaso pa mazenera n'kukaunjikana pakona, kuyang'ana kuseri kwa chinyumbacho kumene ife tinalibe zenera. Tinkadziwa kuti kumeneko amatentha zinyalala. Amatomato ankati mwina akuwotha moto waulere.

Kenako kunabwera mayi wina amene anamutola pa depoti ya basi. Analibe chikwama, analibe womuperekeza, ndipo mawu ochepa amene ankalankhula panalibe amene ankawamva. Tinamutcha Alendo. Anamugoneka pa bedi la kumanzere kwanga. Pazenera lake panalibe kanthu, ndipo belu likalira ankanditsatira ndi maso pamene ndikukwera, n'kunditsatiranso potsika.

Tsiku lina mvula inagwa masana onse, abale atabalalika kale. Mphepo inkalowera pansi pa malata. Bulangete la Alendo linali litaipitsidwa ndipo analichotsa. Lina panalibe, odwala anali atachuluka mpaka ena pansi. Ankanjenjemera moti miyendo ya bedi inkagogoda simenti. Mano ankamveka. Ndinayesa kutseka makutu, koma phokosolo linkadutsa m'zala.

Ndinakwera n'kumasula chitenje.

"Amake mwana," anatero Amatomato, "chimenecho ndi pakamwa panu. Mukudzitseka pakamwa?"

"Abwera mawa masana. Ndibweza m'mawa."

Ndinamufunditsa. Anachikokera mpaka kumphuno, n'kuchinunkhiza. Sindikudziwa ngati fungo la mwana linali likadalimo, koma anandiyang'ana, n'kupinda mkono wake pachifuwa monga timachitira ponyamula khanda. Ndinagwedeza mutu. Anakweza zala zitatu, kenako anadziloza.

Madzulo omwewo kutentha thupi kunandibwerera, koposa poyamba. Pamene ndinkatsegula maso kunja kunali kutayera kalekale, ndipo bedi la kumanzere linali lopanda munthu, pulasitiki yake ikunyezimira ndi mankhwala.

"Alendo aja?"

"Apita m'bandakucha," anatero Amagalasi.

"Nanga chitenje changa?"

"Anali atachigwira zolimba. Chapita ndi zinthu zake. Pepani, amayi, lamulo mukulidziwa."

Masana belu linalira. Ndinati ndidzuke, miyendo inakana. Ndinagwira m'mphepete mwa bedi, mikono inakana. Amatomato anali atawatenga kukawayeza magazi kuchipinda china. Belu linalira, linaliranso, linalira mosalekeza ngati la munthu amene mabuleki aduka pamtsetse. Ndinaitana, koma mawu anga sanafike n'komwe pa bedi lachitatu. Patapita nthawi utsi unayamba kulowa, ndipo belu linaleka.

Ndinadzitonthoza kuti ndi tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake ndinapempha Amatomato kuti andimangirire mpango wanga wa kumutu pazenera. Masana ndinadzikoka mpaka kuima. Pampanda panali anthu ambiri, koma njinga panalibe. Ndinaima mpaka mthunzi wa chinyumbacho unafika pa chingwe chofiira.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi.

"Mwina ntchito yachuluka," anatero Amatomato. "Mvula ija yathyola njinga zambiri."

"Akanatuma mng'ono wanga."

"Mwina tayala laphulika."

"Wokonza njinga?"



Ndinayamba kuwerengera ndekha m'mutu. Mwamuna wanga si munthu woti zenera likakhala lopanda kanthu kamodzi n'kutaya mtima. Ngati sakubwera, ndiye kuti chilipo chamugwira. Ndipo chimene chingagwire iye, mng'ono wanga ndi apongozi nthawi imodzi ndi chimodzi chokha: mwana. Ndinakumbukira m'mawa uja pakhonde. Thupi linali litayamba kale kutentha dzulo lake, ine n'kumati ndi kutopa, n'kumayamwitsa. Ndinamupatsa ijayi ndi bere langa lomwe.

Kumapeto kwa chinyumbacho, kuseri kwa matabwa, n'kumene ankagoneka ana. Kale kulira kwawo ndinkangokumva ngati mvula padenga. Tsopano ndinayamba kukusankha. Uyu ndi wamkulu. Uyu ndi wamkazi. Uyu akulira modukizadukiza ngati Abwana. Tsiku lina ndinakwawa pakati pa mabedi, ndowa ndikuzikankha ndi phewa, mpaka pa matabwa paja. Panali kampata. Ndinaikapo diso. Anali mwana wa wina, wa tsitsi lambiri, atagona yekha, akuyamwa chala. Ndinasangalala kuti si wanga, kenako ndinachita manyazi ndi chisangalalocho, kenako ndinaganiza kuti ngati sali kuno ndiye kuti sanafike n'komwe kuno.

Ndinagwira Amagalasi pamkono, chinthu chimene chinali choletsedwa.

"Anesi, ndithandizeni. Imbirani kunyumba."

"Nambala mukuidziwa?"

Ndinatsegula pakamwa. Foni yanga inatsala pawindo la kukhitchini, ndipo nambala ya mwamuna wanga inkakhala m'menemo, osati m'mutu mwanga. Ndinatchula manambala oyamba, otsatirawo anasokonekera.

"Ndiuzeni kumene mumakhala," anatero. "Ndikaweruka ndipempha a galimoto akadutseko."

Ndinamufotokozera: msewu wa kuchigayo, kupitirira mjigo, nyumba imene pakhomo pake papachikidwa tayala. Anabwereza zonse bwinobwino. Mawa lake sanabwere ku ntchito. Patapita masiku anamulowetsa atamunyamula, n'kumugoneka ku mzere wa kukhomo. Tinamuzindikira ndi timabala ta magalasi pamphuno. Anali mtsikana wamng'ono kuposa ine.

Ndinaleka kudya. Chakudya cha chipatala chinkabwera n'kubwerera. Kapu ija, imene poyamba inkadzaza, inayamba kufika theka, kenako pansi pokha.

"Idyani, inu," ankatero Amatomato, akundikankhira bakuli lawo. "Amuna anga aphika okha mpunga umenewu. Ngati ine sunandiphe, inunso sukuphani."

"Ndidyere ndani?"

"Dyerani ine. Mukafa andibweretsera wina wosadziwa kucheza."

"Ndikufinyira ndowa, mayi. Ndowa ndiye mwana wanga tsopano."

"Mwamuona mtembo wake?"

"Ayi."

"Ndiye tsekani pakamwa, tsegulani pakamwa, idyani."

Ndinameza masipuni awiri kuti andisiye.

Tsiku lina m'mawa, ogwira ntchito atatanganidwa ndi munthu amene anagwa pakhomo la chimbudzi, ndinangoimirira n'kuyamba kuyenda. Sindinakonzekere. Ndinadutsa mabedi, ndinadutsa beseni la mankhwala lopondamo, ndinatuluka. Dzuwa linandimenya m'maso. Ndinafika pa chingwe chofiira n'kuchikweza. Anthu a pampanda atandiona anabwerera m'mbuyo onse pamodzi, ngakhale panali waya pakati pathu. Mayi wina anaphimba mwana wake kumaso.

Wopopera mankhwala anathamanga n'kudzaima patsogolo panga, chigubu chili kumsana, atatambasula manja.

"Amayi, bwererani."

"Ndikukaona mwana wanga. Ndikangomuona ndibweranso, ndikulumbira."

"Bwererani, chonde."

"Muli ndi ana inu? Ndikufuna ndikaone ngakhale pamene amuika. Ndipopereni thupi lonse, ndipopereni m'kamwa momwe, koma ndisiyeni ndidutse."

Ndinagwada. Ndinagwira jombo zake. Anaima osasuntha, akupuma movutikira m'chophimba chake.

"Ana ndili nawo," anatero. "Sindinawagwire chiyambire ntchito ino. Mvetserani, amayi. Ngati mwana wanuyo wapita, mukafika mochedwa. Ngati ali moyo, mukamupatsa ndinu. Sankhani nokha, ine sindikukokani."

Ndinakhala pansi pafumbi paja nthawi yaitali. Kenako ndinabwerera ndekha, chokwawa pena, choyenda pena. Iye ankabwera m'mbuyo mwanga, akupopera paliponse pamene ndagwira.

Kuyambira pamenepo sindinakwerenso pazenera. Thupi linkachira, ndinkalimva likuchira, ndipo ndinkadana nalo. Kapu ndinkaitengabe, sindikudziwa chifukwa chake. Manja ankangochita okha. Timadontho tinkatsika m'mbali mwa kapu n'kuuma tisanafike pansi.

Amatomato ndiwo anatenga ntchito ya pazenera. Ankaima pabedi pawo n'kumaulutsa zonse ngati wailesi, kuti ogona amve.

"A malaya a mizere, akazi anu abwera, avala wigi. A chipewa, ana anu onse alipo, wamng'onoyo akukumba mphuno. Koma kuli bambo wina uko, jekete lakuda dzuwa lonseli. Akulankhula ndi mlonda, chipewa chili m'manja. Ali ndi gogo wina. Iii, kuonda kwake! Jekete likuyenda lokha."

Sindinatembenuke.

"Njinga yake yokha ndiye yabwino. Yopaka utoto wobiriwira, mpando wachikopa."

Sindikudziwa mmene ndinakwerera pabedi. Anali iye. Apongozi anali pambali pake, atafunda nsalu kumutu. Mng'ono wanga panalibe. Mwana panalibe. Sanayang'ane n'komwe mazenera. Maso ake anali pansi, mlonda akuloza ndi dzanja kutali, cha kumapiri.

Ndinaitana. Mawu anatuluka ngati a mwana wa mphaka.

"Ndi amuna anu?" anafunsa Amatomato. Ndinagwedeza mutu. Anakoka mpweya wonse wa m'chipindamo, n'kutulutsa mawu aja oitanira ogula kuchokera tsidya lina la msika.

"Inu a jekete! Inu a njinga yobiriwira! Akazi anu akukufunani kuno!"

Sanatembenuke. Mayi wina anayamba kumenya mbale pa chitsulo cha bedi. Wina anatenga chivundikiro cha ndowa. Posakhalitsa chipinda chonse chinali phokoso, ngakhale amene sankatha kudzuka ankagogoda ndi supuni. Anthu onse a pampanda anayang'ana kwa ife, iyenso anakweza mutu.

Namwino amene analipo anandigwira pamkono. "Mpaka pa chingwe basi," anatero. "Osapitirira."

Nditatuluka pakhomo, njinga inamupulumuka n'kugwa. Sanaitole. Apongozi anakhala pansi pomwepo, miyendo ili tambalale ngati mwana.

"Mwana ali kuti?" ndinakuwa.

Mwamuna wanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndikufunsa mwana! Mwamuika kuti?"

"Ali kunyumba."

"Musandinamize, bambo ake. Ndiuzeni lero lomwe."

"Ali kunyumba, amake mwana! Ali ndi alamu. Akudya phala."

"Sanadwale?"

"Ngakhale chimfine."

Ndinagwira chingwe chija ndi manja awiri kuti ndisagwe. Bwalo lonse linkazungulira.

"Nanga munandisiyiranji?"

Anabwera mpaka pa waya n'kulowetsa zala m'mabowo. Tinkalankhula mokuwa, anthu onse akumva, panalibe njira ina.

"Ndinaona chitenje chanu pamoto."

"Pamoto?"

"Kuseriko. Amatentha zinthu za amene apita. Tonse timakaima pakona kuti tione. Tsiku lija pazenera panalibe kanthu, ndinaliza belu mpaka chala kutupa. Ndiye ndinapita pakona. Anachinyamula ndi mtengo, chachikasu, matayala aja akuoneka. Ndinachiona chikugwira moto, amake mwana. Ndinafunsa mlonda, ati za pamoto ndi za omwalira, ndipo amawaika okha tsiku lomwelo."

"Ndinabwereka munthu. Ankazizidwa."

"Munabwereka munthu," anabwereza, ngati akuphunzira chilankhulo. Anaseka, kusekako kunasanduka china, anaphimba nkhope ndi chipewa.

Apongozi ndi amene anamaliza, ali pansi pomwepo. "Tinakulirani, mwana wanga. Maliro opanda mtembo. Anthu ankaopa kulowa pabwalo, ankangoima pamsewu. Uyu sanagwire sipanala chiyambire. Lero ndamukoka ine, ndati tiye ukafunse pamene anamuika, mwana akadzakula adzafuna kupaona."

Kuchokera pazenera, mawu a Amatomato anadutsa pamwamba pa mutu wanga.

"A jekete! Mwakwatira kale kapena mumadikira mwezi uthe?"

Anthu a pampanda anaseka, ena akupukuta m'maso. Ngakhale mlonda anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka.

Nditabwerera mkati ndinadya mpunga wonse wa Amatomato, ndi wa chipatala womwe. Iwo ankangondiyang'ana, atatsamira khoma. Kenako analoza ndi chibwano bedi la kumanzere, limene tsopano panali munthu wina.

"Ndiye kuti Alendo aja analiridwa," anatero motsitsa mawu. "Ndi anthu osawadziwa, koma analiridwa."

M'mawa mwake ndinasamba, ndinapempha chipeso kwa mayi wa mpango wobiriwira, ndipo namwino anandilolanso kukaima pa chingwe. Anabwera dzuwa lisanafike pamutu. Mwamuna wanga anali atavula jekete lija, m'manja muli girisi. Mng'ono wanga ankabwera m'mbuyo, mwana ali kumsana, akuyenda modzimvera chisoni ngati wopita kukaweruzidwa. Nditayang'ana kumapazi kwake ndinamvetsa.

"Iwe, nsapatozo n'za ndani?"

"Anagawa zovala zanu, achemwali," anatero. "Ine ndinakana. Anandikakamiza. Diresi la buluu lili kwa azakhali, koma ndikalitenga lero lomwe."

Anazivula pomwepo, n'kuziika bwinobwino pafupi ndi waya, zoyang'ana kwa ine, iye n'kuima chosavala pamiyala yotentha.

"Vala, udzapsa mapazi. Tandionetsa mwanayo."

Anamutsitsa n'kumutembenuzira kwa ine. Anali atakula. Masaya anali atadzaza, tsitsi atamumeta. Ndinamuitana, "Abwana! Abwana anga!" Anayang'ana khwangwala amene anatera pamtengo wa mpanda. Anayang'ana wopopera mankhwala. Ine anandidutsa ndi maso monga mmene ankadutsira mazenera ndi malata, kenako anatembenuka n'kukwirira nkhope m'khosi mwa mng'ono wanga.

"Ndi dzuwa," anatero mwamuna wanga msangamsanga. "Likumuthobwa m'maso."

"Inde," ndinatero. "Ndi dzuwa."

"Achemwali, dikirani!" anakuwa mng'ono wanga. "Simunamve. Lamera dzino!"

Anamusendeza pafupi ndi waya, n'kumutsitsa mlomo ndi chala. Mwanayo anakwinya nkhope, akukankha dzanjalo. Ndinasuzumira mpaka chingwe chinandilowa m'mimba. Kuchokera pamene ndinaima sindinkaona kanthu, dovu lokha likunyezimira pachibwano.

"Mwaliona?"

"Ndaliona," ndinatero. "Musachotse chala. Ndikuliyang'anabe."